Mwana Akasankha Kemisitiri pa Yunivesiti, Kodi Wataya Njira?

Wolemba: Mtolankhani Wathu, Lusaka

CAKA ndi caka, bungwe loyang'anira mayeso la Examinations Council of Zambia, limene likulu lake liri pa mseu wa Haile Selassie ku Longacres mu mzinda wa Lusaka, likatulutsa zotsatira za mayeso a Giredi 12, m'nyumba zambiri za kumidzi mumabuka funso limodzi: mwana wakhoza, tsono akaphunzire ciani? Ngati mwanayo wakhoza bwino masamu ndi sayansi, makolo, amalume ndi azakhali onse amalankhula ndi pakamwa pamodzi kuti akhale dokotala. Ena amati akhale injiniya. N'kamodzikamodzi kumva kholo liri kunena kuti mwana wake akaphunzire kemisitiri.

Ndipo mwana akalemba kalata kucokera ku Lusaka, kapena kuimba lamya, kunena kuti wapatsidwa malo m'cigawo ca kemisitiri, pakhomo pamagwa cete ngati pafika uthenga wa maliro. Makolo amayesa kuti ndalama za mbuzi ndi nshawa zimene anagulitsa zapita m'madzi. Nyuzipepala yanu ino yaona kuti n'kofunika kulongosola za maphunziro amenewa, kuti banja likakhala pansi kukambirana za tsogolo la mwana, likambirane liri kudziwa cimene liri kukana kapena kuvomera.

MMENE OPHUNZIRA AMAGAWIDWIRA

Yunivesiti ya Zambia inatsegula makomo ake mu Malichi 1966, ndi ophunzira 312, pa malo a Ridgeway amene ali pafupi ndi Longacres yemweyo. Pa nthawi imene dziko lino linalandira ufulu mu 1964, a Zambia amene anali ndi digiri anali ngati 100 cabe. Ndico cifukwa cake anthu wamba, ngakhale a m'midzi yakutali, anasonkha ndalama, nkhuku ndi ziweto kuti sukulu imeneyi imangidwe. Mu Julayi 1966 Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr Kenneth Kaunda, anaika mwala wa maziko pa malo a pa mseu wa Great East, pamene magalimoto ocokera ku Chipata, Katete ndi Petauke amapita polowa mu mzinda.

Kwa zaka zambiri mwambo wa pa yunivesiti imeneyi wakhala wakuti ofuna maphunziro a sayansi amayamba onse pamodzi m'sukulu ya sayansi ya zacilengedwe, imene ophunzira amangoicha kuti NS. M'caka coyamba amaphunzira masamu, fizikisi, bayoloji ndi kemisitiri. Caka cikatha, amene apambana kwambiri ndiwo amayamba kusankha malo m'sukulu za udokotala, uinjiniya, migodi, ulimi ndi zina zotero. Popeza malo ngocepa ndipo ofuna ngambiri, ophunzira ena anzeru zedi amatsala mu sayansi ya zacilengedwe momwemo, n'kupitiriza ndi kemisitiri, fizikisi, masamu kapena bayoloji.

Apa ndi pamene panacokera ganizo lakuti kemisitiri ndi mkute, cakudya cotsala ca amene alephera kulowa udokotala. Ganizo limeneli ndi lolakwika, ndipo lakhumudwitsa ana ambiri amene akadacita zazikulu akadaikonda nchito yao kuyambira paciyambi.

KEMISITIRI N'CIANI?

Coyamba, tisasokoneze. Sitolo yogulitsa mankhwala imene m'tauni timaicha kemisti ndi nkhani ina. Woyang'anira sitolo yotere amaphunzira maphunziro a zamankhwala a m'cipatala, ndipo amalembetsedwa ndi bungwe loyang'anira anchito a zaumoyo. Digiri ya kemisitiri payokha siipereka cilolezo cimeneco.

Kemisitiri ndi phunziro lofufuza kuti cinthu ciriconse cinapangidwa ndi ciani, ndiponso cimasanduka motani cikasakanizidwa ndi cina, cikatenthedwa kapena cikasungunulidwa. Ngakhale dzina ndi lacilendo, nchito yake siyacilendo pamudzi.

Mai amene amatentha zitsononkho kapena makoko a nyemba, n'kuceza phulusa lake ndi madzi kuti apeze cidulo cophikira therere, ali kucita kemisitiri. Madzi a phulusa aja ali m'gulu limodzi ndi soda wa m'sitolo, gulu limene limalimbana ndi asidi, ndipo ndiwo amafewetsa ndiwo. Mai amene amaviika cinangwa cowawa m'madzi masiku angapo asanacisinje ali kucotsa ululu wochedwa sayanaidi, umene ungathe kupha banja lonse. Wofulula thobwa amameretsa cimera kuti cisandutse ufa kukhala shuga. Ngakhale wocheza kacasu amadalira lamulo lakuti mowa umawira msanga, pa madigiri 78, pamene madzi amadikira madigiri 100. Makolo athu a Cimaravi anali kusungunula miyala m'ng'anjo ndi kutulutsamo citsulo ca makasu ndi nkhwangwa kalekale, Mzungu asanaponde dziko lino.

Kusiyana kwake ndi kumodzi. Pamudzi timayesa ndi diso, lilime ndi cizolowezi. Wophunzira kemisitiri amayesa ndi sikelo ndi makina, nalemba manambala, kotero kuti angathe kunena motsimikiza kuti m'kapu iyi ya madzi muli ululu woculuka cakuti, ndipo munthu wina ku Kitwe kapena ku London akayesanso adzapeza comweco.

ZIMENE MWANA AMAPHUNZIRA

Digiri imatenga zaka 4. Pambuyo pa caka coyamba, wophunzira amakumana ndi nthambi zingapo. Pali nthambi yoyesa ndi kupima, imene imaphunzitsa kupeza cimene ciri m'madzi, m'nthaka, m'cakudya kapena m'mwala. Pali nthambi ya zinthu zokhala ndi kaboni, monga mafuta, mankhwala a m'cipatala, mankhwala ophera tizilombo ndi mapulasitiki. Pali nthambi ya zitsulo, miyala ndi mcere wa mitundu yonse, imene ndi yofunika zedi m'dziko la mkuwa ngati lathu. Pali nthambi imene imagwiritsa nchito masamu pofotokoza kutentha ndi liwiro limene zinthu zimasandukira. Palinso nthambi ya zocitika m'thupi la munthu, la nyama ndi la mbeu.

Mwana amene amadana ndi masamu aganize kawiri, pakuti masamu sadzamusiya mpaka tsiku lotsiriza. Ndiponso maphunziro awa sathera m'buku. Masana ambiri amathera m'labotale, munthu ali ciriri, atavala khoti loyera, ali kudontheza madzi dontho limodzilimodzi mpaka mtundu utasintha. Akaphonya dontho limodzi amayambanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwana wopupuluma nchito imeneyi idzamsautsa.

THUMBA LA FETELEZA

Mlimi aliyense amalidziwa thumba la D Compound, koma si onse amene anafunsapo tanthauzo la manambala 10, 20 ndi 10 olembedwa pathumbapo. Manambalawa amanena za zakudya zitatu za mbeu. M'thumba la makilogalamu 50 muyenera kukhala makilogalamu 5 a naitirojeni wobiriwitsa masamba, 10 a fosifeti wolimbitsa mizu, ndi 5 a potashi. Pa thumba la yureya pamalembedwa 46, ndiye kuti m'makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a naitirojeni.

Tsono mlimi adzadziwa bwanji kuti zolembedwazo n'zoona? Ndi maso sangathe. Feteleza wosakaniza ndi mcenga kapena laimu amaoneka cimodzimodzi ndi weniweni, ndipo cinyengo cimaululika mu Febuluwale cimanga citacita cikasu, ndalama zitapita kale. Amene angathe kuligwira bodza limeneli mbeu isanabzalidwe ndi katswiri wa kemisitiri m'labotale. Nchito yotere imacitika pa malo ofufuzira zaulimi a Mount Makulu ku Chilanga, kumenenso amapima nthaka ndi kuuza mlimi ngati munda wake waculuka asidi ndipo ufunika laimu. Fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia ku Kafue, imene inayamba nchito mu 1970, inamangidwa pa nzeru za phunziro lomweli.

UFA, NSHAWA NDI MADZI

Mu Ogasiti 2024, Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti agalu ngati 400 anafa m'mwezi umodzi atadya cakudya copangidwa ndi cimanga coipa. Pamene akatswiri anapima zitsanzo 25 zotengedwa ku makampani ogaya ufa, pafupifupi theka la zitsanzozo linapezeka ndi ululu woposa muyeso wochedwa afulatokisini. Ululu umenewu umacokera ku cuku cimene cimamera pa cimanga ndi nshawa zosauma bwino kapena zovutika ndi cilala, ndipo umaononga ciwindi ca munthu pang'onopang'ono. Suoneka m'ufa, ndipo kuphika nsima sikuupha. Boma linalamula kuti ufa wina ucotsedwe m'masitolo, ndipo linatha kutero cifukwa panali anthu odziwa kupima.

Alimi a nshawa a m'Cigawo ca Kum'mawa nkhaniyi iwakhudza kawiri: pa thanzi la ana amene amadya phala la nsinjiro, ndiponso pa malonda, pakuti maiko a kunja sagula nshawa zimene ululu wake wapitirira muyeso.

Madzi naonso ndi cimodzimodzi. Madzi ambiri amene anthu a ku Kabwata, Woodlands ndi madera ena a Lusaka amamwa amacokera mu mtsinje wa Kafue, ndipo amayeretsedwa pa malo a Iolanda asanapopedwe kudza mu mzinda. Klorini akacepa, tizilombo timapulumuka. Akaculuka, anthu amakana madziwo nabwerera ku zitsime zosatetezeka. Mliri wa kolera wa 2017 mpaka 2018, ndi wina waukulu koposa wa 2023 mpaka 2024, pamene bwalo la masewera la Heroes linasandutsidwa cipatala, unasonyeza mtengo wa madzi osapimidwa. Ngakhale shuga wa pa tiyi, amene kuyambira 1998 lamulo limafuna kuti aikidwe vitamini A, ndi mcere woika ayodini woletsa cotupa ca pakhosi, zonsezi zimafuna munthu woyesa kuti muyeso wakwanira.

MKUWA NDI ZOTSALA ZAKE

Cuma ca dziko lino cimadalira mkuwa, ndipo mgodi uliwonse uli ndi labotale. Mwala ukakumbidwa, katswiri ndiye amanena kuti muli mkuwa woculuka bwanji, ndipo mtengo umacokera pa nambala imene iye walemba. Mu 1974, ku Nchanga mu mzinda wa Chingola kunatsegulidwa fakitale yotulutsa mkuwa m'zinyalala zimene kale zinali kutayidwa. Asidi amasungunula mkuwa wotsala m'matope, mankhwala ena amaukoka m'madziwo, ndipo magetsi amauunjika pa mbale zacitsulo. Pa nthawi imeneyo fakitaleyi inali imodzi mwa zazikulu koposa za mtundu wake pa dziko lonse lapansi.

Koma walira mvula walira matope. Mgodi wa mtovu ndi zinki wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994 utagwira nchito zaka ngati 90, ndipo kufikira lero fumbi la m'makomboni oyandikana nao liri ndi mtovu umene umalowa m'magazi a ana ndi kuononga nzeru zao. Pa 18 Febuluwale 2025, damu losungira zinyalala za mgodi ku Chambishi linaphulika, madzi a asidi nalowa m'mitsinje ya Mwambashi ndi Kafue. Nsomba zinafa, minda inapsa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi kwa masiku. Pofuna kupha mphamvu ya asidi, ndege za asilikali zinathira laimu mu mtsinje, laimu wa mtundu womwewo umene mlimi amathira m'munda.

Pa milandu yotere, mau a mlimi amene dimba lake lapsa salemera pamaso pa kampani yaikulu ngati palibe manambala. Dziko limene liribe akatswiri akeake oyesa madzi ndi nthaka limangovomera zimene lauzidwa ndi eni mgodi. Bungwe la boma loteteza malo otizinga la ZEMA limafuna anthu otere, monganso bungwe loona miyeso ya katundu la Zambia Bureau of Standards, bungwe loyang'anira mankhwala la ZAMRA, labotale yopima zakudya ndi mankhwala imene iri pa cipatala cacikulu ca UTH, ndi bungwe lofufuza za sayansi la NISIR limene liri kupitirira Chelstone, pa mseu wa ku bwalo la ndege.

MWANA WA KUMUDZI AMENE ANAFIKA PATALI

Amene akayika ngati mwana wa kumudzi angapite patali ndi phunziro limeneli amve za Profesa Kelly Chibale. Iwo anabadwa mu 1964, nakulira m'boma la Mpika, m'nyumba yopanda magetsi ndi madzi a m'mpope. Anaphunzira kemisitiri pa Yunivesiti ya Zambia natsiriza mu 1987, ndipo anayamba nchito pa fakitale ya zophulitsira miyala ya Kafironda ku Mufulira. Pambuyo pake anapeza thandizo lokaphunzira ku Cambridge m'dziko la Britain, kumene analandira digiri ya udokotala wa kemisitiri.

Mu 1996 a Chibale anayamba kuphunzitsa pa Yunivesiti ya Cape Town ku South Africa, ndipo mu 2010 anakhazikitsa kumeneko malo ofufuzira mankhwala atsopano ochedwa H3D. Mu 2012 gulu lao linalengeza za mankhwala atsopano oyesera kulimbana ndi malungo, amene pambuyo pake anafika poyesedwa pa anthu, cinthu cimene gulu lotsogozedwa ndi akatswiri a mu Africa linali lisanacitepo pa nthenda imeneyi. Dokotala amapereka mankhwala kwa wodwala amene ali patsogolo pake, koma mankhwalawo amayamba apangidwa ndi kuyesedwa ndi anthu a kemisitiri.

Atsikana naonso asaope. Mphoto yaikulu ya Nobel ya kemisitiri ya caka ca 1911 inapita kwa mai Marie Curie. Ndipo mankhwala a Coartem, amene zipatala zathu zimapereka kwa odwala malungo, mphamvu yake ina imacokera ku cinthu cimene mai Tu Youyou a ku China anacitulutsa m'masamba a citsamba m'zaka za m'ma 1970, nalandira mphoto ya Nobel mu 2015.

ZOVUTA ZIMENE SITINGABISE

Kungakhale kunyenga awerengi athu kunena kuti digiri imeneyi ndi khomo lotseguka la nchito. Mafakitale m'dziko lino ngocepa, ndipo malo m'mabungwe a boma satseguka caka ciriconse. Alipo acinyamata amene atsiriza maphunziro n'kukhala pakhomo caka kapena zaka ali kulemba makalata. Amene amapeza nchito msanga kawirikawiri ndi aja amene pa chuthi anapita kukazolowera nchito m'labotale ya mgodi, ya fakitale ya shuga ya Nakambala ku Mazabuka, ya simenti ku Chilanga, kapena ya kampani ya madzi, ngakhale popanda malipiro okwanira.

Njira ina yodalirika ndi uphunzitsi. Masukulu ambiri a sekondale a kumidzi amasowa aphunzitsi a sayansi, ndipo mu 2022 boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 pa nthawi imodzi. Koma wofuna njira imeneyi adziwiretu kuti afunika maphunziro a uphunzitsi ndiponso kulembetsedwa ndi bungwe la Teaching Council of Zambia. N'kwanzeru tsono kusankha kuyambira paciyambi digiri yophatikiza sayansi ndi uphunzitsi, monga imene imapezeka pa Yunivesiti ya Zambia ndi pa Yunivesiti ya Mukuba ku Kitwe.

ZOYENERA KUCITA BANJA LISANAGULITSE NG'OMBE

Coyamba, onani satifiketi. Mayunivesiti amafuna kuti mwana akhoze maphunziro osacepera 5 ndi nambala yoyambira 1 kulekeza 6, ndipo pa maphunziro a sayansi Cingerezi, masamu ndi sayansi siziyenera kusowa. Popeza opikisana ngambiri, nambala zazing'ono ndizo zimapambana. Mwana amene akali pa sekondale alimbikire masamu tsopano, pakuti m'mera mpoyamba.

Caciwiri, musayang'ane sukulu imodzi yokha. Yunivesiti ya Copperbelt ku Kitwe, imene inakhazikitsidwa mu 1987, imaphunzitsa kemisitiri ndiponso uinjiniya wa mafakitale a mankhwala. Kwa amene nambala zao sizinafike, koleji ya Evelyn Hone mu Lusaka imaphunzitsa nchito ya m'labotale pa mlingo wa dipuloma, ndipo munthu angathe kukwera kucokera pamenepo. Ngati sukulu ndi ya eni ake osati ya boma, funsani ngati inalembetsedwa ndi bungwe la Higher Education Authority, ndipo wina wa pabanja apite akaione labotale ndi maso ake. Kemisitiri ya pa bolodi yokha iri ngati kuphunzira kulima popanda khasu.

Cacitatu, nkhani ya ndalama. Komiti ya mabasare, imene kwa zaka zambiri makolo ndi ana anali kuima pa mzere pa maofesi ake ku Longacres, inalowedwa m'malo ndi bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board potsata lamulo la 2016. Cimene bungweli limapereka kwa ophunzira m'mayunivesiti a boma ndi ngongole, imene mwana adzabweza akatsiriza maphunziro, osati mphatso. Si onse opempha amene amalandira, ndipo nthawi yofunsira ndi yaifupi. Mverani wailesi, funsani kwa aphunzitsi aakulu a sukulu imene mwana anacokera, ndipo konzeranitu mapepala onse: citupa ca mwana, zotsatira za mayeso ndi kalata yomuitana ku yunivesiti. Aliyense wofuna ciphuphu kuti akupezereni malo kapena ngongole ndi mbala. Safunsa anadya phula.

Cacinai, ndipo ndico cacikulu, mfunseni mwiniwake. Mwana amene amafunsa cifukwa cimene khasu limacitira dzimbiri, cimene mkaka umasasira, kapena cimene sopo amakanira kucita thovu m'madzi a pa citsime cina, ameneyo ali kale pa njira ya kemisitiri. Kumkakamiza udokotala pamene iye amaopa magazi ndi kutaya dokotala ndi katswiri wa kemisitiri pa nthawi imodzi. Momwemonso, mwana amene mtima wake wonse uli pa odwala asakankhidwire m'labotale cifukwa cakuti malo apezeka. Pali unamwino, nchito ya uthandizi wa madokotala ndi maphunziro ena a zaumoyo amene angamfikitse kufupi ndi cimene afuna.

Koma ngati mwana wanu wapatsidwa malo m'cigawo ca kemisitiri ndipo iye mwini wakondwera nao, musamlandire ndi nkhope yakugwa. Mpatseni kamba wa paulendo monga mukadacitira ndi wophunzira udokotala, ndipo pobwera pa chuthi mumuuze atenge dothi la m'munda mwanu ndi madzi a pa citsime canu, akafunse kwa aphunzitsi ake mmene zimapimidwira.